VPN ikuti yalumikizana koma makompyuta a ku ofesi sakupezeka: fufuzani motere

Pulogalamu ya VPN, njira yotetezeka yolowera mu netiweki ya ku ofesi muli kutali, ikuonetsa kuti zonse zili bwino, koma foda ya maakaunti ya ku ofesi siikutseguka, ndipo Remote Desktop, yogwiritsira ntchito kompyuta ya ku ofesi muli kutali, ikungozungulirazungulira mpaka kugwa ulesi. Ambiri akafika apa amachotsa pulogalamuyo n'kuiikanso, ena amazimitsa kompyuta n'kuyatsanso. Kawirikawiri kumeneko n'kutaya nthawi. Mawu oti "Connected" amangotanthauza kuti kompyuta yanu ndi seva ya VPN zamvana. Sakukulonjezani kuti uthenga wanu ukafika pa kompyuta imene mukufunayo, kuti ikaulandira, kapenanso kuti yankho lake lipeza njira yobwerera kwa inu. Zinthu zitatuzi zimafufuzidwa chilichonse pachokha, ndipo ndi bwino kuzitsata mwa ndondomeko, chifukwa mukayamba kulimbana ndi mapasiwedi pamene vuto lili pa njira, mudzachezera usiku wonse pachabe.

Kuti tisamalankhule m'malere, titenge ofesi yaing'ono imene netiweki yake ndi 192.168.10.0/24, kutanthauza maadiresi onse oyamba ndi 192.168.10. Rauta yake ili pa 192.168.10.1, kakompyuta ka Linux komwe kali ndi seva ya VPN kali pa 192.168.10.5, ndipo kompyuta yosunga mafayilo ili pa 192.168.10.20. Olowa kudzera pa VPN amapatsidwa maadiresi a 10.8.0.0/24: seva ndi 10.8.0.1, inuyo ndinu 10.8.0.2. Mukamatsatira malangizowa, muziika manambala a kwanu m'malo mwa awa.

Musanagwire chilichonse, imbirani foni munthu amene ali ku ofesi aone ngati kompyutayo ili yoyaka. Magetsi akathima n'kubweranso, rauta imadzuka yokha koma makompyuta ambiri amadikira munthu adine batani, pokhapokha mu BIOS mutasankhidwa kuti izidziyatsa magetsi akabwera. Ina imakhala yangogona tulo. Munthuyo atsegulenso Command Prompt, alembe ipconfig, akuwerengereni adiresi imene ikuoneka. Ngati kompyutayo imalandira adiresi kuchokera ku rauta kudzera mu DHCP, n'kutheka kuti dzulo inali 20 lero yasanduka 37. Mankhwala ake n'kuisungira adiresi yokhazikika mu rauta.

Choyamba: kodi VPN yalumikizanadi?

OpenVPN ndi WireGuard ndi mapulogalamu a VPN. OpenVPN ikanena kuti yalumikizana, mukhoza kuikhulupirira. WireGuard ndiye ayi. Iyo imalemba "Active" mukangoiyatsa, ngakhale seva ya ku ofesi itazima. Chofunika kuyang'ana ndi mzere wa "Latest handshake", woonetsa nthawi imene kompyuta yanu ndi seva zinagwirana chanza komaliza, ndi kuchuluka kwa zimene zalandiridwa. Pa Linux lembani wg show. Pamene mauthenga akuyenda, kugwirana chanzaku kumabwerezedwa pafupifupi mphindi 2 zilizonse. Ngati mzerewu palibe, kapena zotumizidwa zikuchuluka pamene zolandiridwa zili pa 0, ndiye kuti simunafike n'komwe ku ofesi.

Zoyambitsa zake n'zochepa: makiyi analembedwa molakwika, adiresi ya ofesi ya pa intaneti yasintha, kapena port, khomo la nambala limene mauthenga amalowera, siinatsegulidwe mu rauta. WireGuard mwachizolowezi imagwiritsa ntchito UDP 51820, OpenVPN UDP 1194. Pali chinanso chimene chimavutitsa kwambiri maofesi amene intaneti yawo ndi ya SIM card kapena ya Starlink. Lowani mu rauta ya ofesi, muone adiresi yake ya WAN, ya mbali yoyang'ana ku intaneti. Ikakhala pakati pa 100.64.0.0 ndi 100.127.255.255, kapena ikakhala yosiyana ndi imene mawebusaiti oonetsa adiresi yanu akukuuzani, kawirikawiri ofesiyo imakhala ili kuseri kwa CGNAT, kutanthauza kuti kampani ya intaneti ikugawira makasitomala ambiri adiresi imodzi. Pamenepo ngakhale mutatsegula port bwanji, wochokera kunja sangalowe. Mungapemphe kampaniyo adiresi yanuyanu, mungaike seva ya VPN pa VPS, seva yobwereka pa intaneti, n'kulumikiza ofesi kumeneko, kapena mungagwiritse ntchito Tailscale kapena ZeroTier, zomwe anazikonzera vuto lomweli.

Kugwirana chanza kukakhalapo, yesani ping 10.8.0.1, lamulo lofunsa ngati adiresiyo ikuyankha. Ikayankha, VPN ili bwino ndipo musaikhudzenso mwachisawawa.

Chachiwiri: manambala a kunyumba asafanane ndi a ku ofesi

Apa ndi pamene pagona mutu wa nkhani kwa anthu ambiri, choncho tichedwapo pang'ono. Maadiresi a m'kati mwa nyumba ndi maofesi amatengedwa m'magulu atatu amene analembedwa m'chikalata cha RFC 1918 cha mu 1996: oyamba ndi 10, a kuyambira 172.16 mpaka 172.31, ndi oyamba ndi 192.168. Malo ndi ambiri zedi, koma opanga marauta amangokonda pomwepomwepo. Marauta ochuluka amabwera ali pa 192.168.0.1 kapena 192.168.1.1, ma MiFi a Huawei pa 192.168.8.1, MikroTik pa 192.168.88.1. Ofesi imene anangoitulutsa rauta m'bokosi n'kuilumikiza ndiye kuti ili ndi manambala ofanana ndi a m'nyumba za antchito ake.

Tiyerekeze kuti ofesi ili pa 192.168.1.0/24, kwanunso chimodzimodzi, ndipo mukufuna 192.168.1.20. Zili ngati kutuma mwana kuti akapereke kalata kunyumba nambala 20 pamene mumsewu wanu momwemo muli manambala oterowo: sakwera basi kupita kutauni ina, angoyang'ana pafupi, akaisowa abwerera. Kompyuta yanu nayo imaona kuti adiresiyo ndi ya m'nyumba momwemo, ndiye siitumiza uthengawo ku VPN.

Lembani ipconfig pa kompyuta yanu, muyang'ane adiresi ya Wi-Fi. Zigawo zitatu zoyambirira zikafanana ndi za ku ofesi, mwampeza wolakwa. Njira yotsimikizira mwachangu ndi kuchoka pa Wi-Fi ya m'nyumba n'kulumikiza ku hotspot ya foni. Ya iPhone imapereka maadiresi a 172.20.10, choncho kawirikawiri siiwombana ndi ofesi. Zikatheka pa hotspot koma n'kukanika pa Wi-Fi, palibenso chokayikitsa.

Pofuna kungopulumuka lero, onjezerani njira ya kompyuta imodzi yokhayo. Mu WireGuard, pa mzere wa AllowedIPs, lembaninso 192.168.1.20/32. Pakakhala njira ziwiri, kompyuta imasankha yoloza mwachindunji kwambiri, ndiye /32 imapambana /24. Koma chokhalitsa n'kusintha manambala a mbali imodzi. Ine ndimati isinthe ndi ofesi, ngakhale kuti ntchito yake ndi yowawa chifukwa mapulinta ndi makamera amene analembedwa maadiresi pamanja ayenera kukonzedwa limodzilimodzi. Simungayende nyumba ndi nyumba kusintha marauta a antchito, ndipo a kuhotela ndi kumalo ogona alendo simungawagwire n'komwe. Sankhani manambala amene palibe rauta imabwera nawo, monga 10.47.12.0/24, muchite ntchitoyo Loweruka masana anthu ataweruka.

Chachitatu: kodi kompyuta yanu ikudziwa njira ya ku ofesi?

Manambala akakhala osiyana, lembani route print pa Windows, kapena ip route get 192.168.10.20 pa Linux, kapena route -n get 192.168.10.20 pa Mac. Mukufuna kuona kuti 192.168.10.0 ikudutsira pa VPN. Tracert -d 192.168.10.20 imaonetsanso zomwezo: ngati poyamba pakutuluka adiresi ya rauta ya m'nyumba mwanu, uthenga wasochera usanachoke pakhomo.

Mu WireGuard, fayilo ya kompyuta yanu iyenera kukhala ndi mzere uwu pa gawo la Peer:

AllowedIPs = 10.8.0.0/24, 192.168.10.0/24

Ambiri amangolemba yoyambayo, n'chifukwa chake seva imayankha koma ofesi yonse ili zii. Mu OpenVPN, seva ndi imene imauza olowa njira, ndi mzere uwu mu fayilo yake:

push "route 192.168.10.0 255.255.255.0"

Ngati mukugwiritsa ntchito VPN yobwera ndi Windows, ya L2TP kapena IKEv2, ndipo munachotsa chizindikiro pa "Use default gateway on remote network" kuti YouTube isamadutse ku ofesi, munachita bwino, koma njira ya ku ofesi muyenera kuionjezera nokha mu PowerShell:

Add-VpnConnectionRoute -ConnectionName "Ofesi" -DestinationPrefix 192.168.10.0/24

Chachinayi: kupita n'kumodzi, kubwerera n'kwina

Tsopano yesani ping motsatizana: 10.8.0.1, kenako 192.168.10.5, kenako 192.168.10.1, pomaliza 192.168.10.20. Pamene mayankho alekera ndi pamene pali vuto. Zimene zimachitika kawirikawiri n'zakuti ziwiri zoyambirira zimayankha, popeza zonse ndi seva imodzimodziyo, koma zotsalazo ayi.

Chifukwa choyamba n'chakuti Linux mwa iyo yokha siipatsira mauthenga kuchoka pa netiweki ina kupita pa ina. Pa seva lembani sysctl net.ipv4.ip_forward. Ikayankha 0, ikani mzere wa net.ipv4.ip_forward=1 mu fayilo ya sysctl kuti zisabwerere mwakale seva ikazima. Onaninso firewall ya sevayo, mlonda amene amalola kapena kukana mauthenga: firewall yotchedwa ufw imakana kupatsira mauthenga mpaka mutailola, ndipo pulogalamu ya Docker ikaikidwa pa kompyuta imasintha lamulo la FORWARD kukhala DROP. Seva imene inkagwira bwino ntchito n'kusiya tsiku limene wina anaikapo Docker, musafufuzenso kutali.

Chifukwa chachiwiri ndi chobisika, ndipo chimapusitsa ngakhale odziwa ntchito. Uthenga wanu wafika bwinobwino pa 192.168.10.20, ukuonetsa kuti wachokera ku 10.8.0.2. Kompyutayo ikufuna kuyankha, koma adiresi ya 10.8.0.2 siikuidziwa, ndiye ikupereka yankho kwa rauta ya ofesi monga imachitira ndi chilichonse chachilendo. Rauta nayo siinauzidwepo za 10.8.0.0/24, ndiye ikuponya yankholo ku intaneti komwe likukatayika. Kwa inu zimangooneka ngati kompyutayo yazima. Amene seva yawo ya VPN ili mu rauta momwemo savutika ndi zimenezi. Vutoli ndi la amene seva ili pa kompyuta yapadera.

Njira zothetsera zilipo ziwiri. Yoyamba ndi kuuza rauta ya ofesi kuti chilichonse cha 10.8.0.0/24 chizipita ku 192.168.10.5. Pa marauta ambiri malowa amalembedwa Static Routes. Pa MikroTik mungalembe:

/ip route add dst-address=10.8.0.0/24 gateway=192.168.10.5

Yachiwiri ndi yoti seva ya VPN izibisa adiresi yanu n'kuikapo yake, kuti makompyuta a mu ofesi aziona ngati akulankhula ndi mnzawo wa pafupi:

iptables -t nat -A POSTROUTING -s 10.8.0.0/24 -o eth0 -j MASQUERADE

M'malo mwa eth0 ikani dzina lenileni la khadi la netiweki, lomwe mungalione polemba ip addr. Lamuloli limafufutika seva ikazima, choncho mu WireGuard liikeni pa mzere wa PostUp. Njira yachiwiriyi ndi yachangu, imathandiza pamene rauta ndi ya kampani ya intaneti ndipo simukutha kuisintha, komanso imapulumutsa mapulinta ndi makamera amene woika anaiwala kuwalembera gateway, yomwe ndi adiresi ya rauta. Kuipa kwake n'kwakuti aliyense wolowa pa VPN amaoneka ngati 192.168.10.5, ndiye tsiku limene fayilo yafufutidwa n'kovuta kudziwa kuti anali ndani poyang'ana adiresi. Ofesi ya anthu atatu ikhoza kupirira zimenezo. Imene imasunga nkhani za ndalama za anthu ena, ndi bwino itenge njira yoyamba.

Chachisanu: firewall ya kompyuta imene mukufunayo

Rauta ndi pulinta zikuyankha, koma kompyuta ya Windows yokha ili chete. Musafulumire kunena kuti njira yafa, chifukwa Windows kawirikawiri siiyankha ping mpaka itauzidwa. Yesani khomo lenileni limene mukufuna kulowera. Mafoda ogawana amadutsa pa TCP 445, Remote Desktop pa 3389. Mu PowerShell:

Test-NetConnection 192.168.10.20 -Port 445

Mzere wa TcpTestSucceeded ukakhala True, dumphirani ku gawo lotsatira. Ukakhala False, pitani pa kompyutayo kapena mutume munthu. Choyamba aone ngati netiweki yalembedwa Private. Ikakhala Public, Windows imatseka kugawana mafayilo. Kenako atsegule wf.msc, alowe mu Inbound Rules, apeze lamulo la File and Printer Sharing lokhala ndi mawu oti SMB-In (SMB ndi njira imene Windows imagawanira mafayilo), atsegule tsamba la Scope. Pamenepo adzapeza kuti ololedwa ndi "Local subnet" okha. Inu wa 10.8.0.2 si wa m'gulu limenelo, n'chifukwa chake a mu ofesi akutsegula foda popanda vuto pamene inu mukukanidwa. Aonjezere 10.8.0.0/24 pamndandandawo. Ngati mukufunanso ping, achite chimodzimodzi pa lamulo la Echo Request la ICMPv4.

Kuzimitsa firewall kwa mphindi imodzi kuti muone ngati ndiyo ikutchinga si tchimo, bola muyatsenso nthawi yomweyo. Dziwaninso kuti ma antivirus ena amabwera ndi firewall yawoyawo, ndipo ikakhalapo, zimene mwasintha mu ya Windows sizigwira ntchito. Za Remote Desktop, kumbukirani kuti Windows ya mtundu wa Home siilandira olowa. Pamafunika Pro kapena kuposerapo. Ndipo zivute zitani, musatsegule 445 kapena 3389 ku intaneti mu rauta pofuna kuzemba VPN. Vairasi ya WannaCry, imene inasokoneza zipatala za ku Britain mu May 2017, inkafalikira kudzera pa 445 yomweyi.

Chachisanu ndi chimodzi: lembani nambala, osati dzina

Pali anthu amene VPN yawo ilibe vuto lililonse, kungoti akutsegula Network mu File Explorer n'kupeza mulibe kanthu. Sizidzaonekamo. Makompyuta amapezana mayina pofuulirana m'kati mwa netiweki imodzi, kudzera mu NetBIOS, LLMNR, mDNS ndi WS-Discovery, ndipo kufuula kumeneku sikuwoloka VPN ya mtundu wa WireGuard kapena OpenVPN ya tun. N'chimodzimodzinso mapulinta amene amangodzionekera okha mukakhala mu ofesi: muli kutali muyenera kuwaonjezera ndi adiresi yawo.

Dinani batani la Windows pamodzi ndi R, mulembe \\192.168.10.20 n'kudina Enter. Zikatseguka, vuto ndi la mayina basi. Ngati ofesi ili ndi seva ya DNS, yomasulira mayina kukhala maadiresi, monga zimakhalira pamene pali Active Directory, ikani adiresi yake pa mzere wa DNS mu fayilo ya WireGuard, kapena seva ya OpenVPN itumize push "dhcp-option DNS 192.168.10.2", ndipo muzilemba dzina lathunthu la kompyuta pamodzi ndi domain yake. Yesani ndi nslookup kuti muone amene akuyankha. Ofesi yopanda DNS, yokhala ndi makompyuta awiri kapena atatu ofunika, ingogwiritsa ntchito fayilo ya hosts. Tsegulani Notepad ngati administrator, mutsegule C:\Windows\System32\drivers\etc\hosts, muonjezere mzere wonga uwu:

192.168.10.20 seva-mafayilo

Izi zimathandizanso mapulogalamu ndi ma drive akale amene analumikizidwa ndi dzina.

Chachisanu ndi chiwiri: mwafika pakhomo koma akukukanani

Windows ikakufunsani dzina ndi pasiwedi, netiweki yatha ntchito yake. Dzina lofunika ndi la akaunti ya pa kompyuta ya ku ofesiyo, lolembedwa ndi dzina la kompyutayo kutsogolo, monga SEVA\maakaunti. PIN imene mumatsegulira laputopu siigwira pano. Ngati pasiwedi inasinthidwa posachedwa, Windows ikhoza kumatumizabe yakale mwakachetechete: lembani cmdkey /list kapena tsegulani Credential Manager, mufufute yakaleyo. Lamulo la net use limathandiza chifukwa limanena nambala ya vuto. System error 53 ndi yoti njira siikupezeka, ndiye bwererani kumagawo a m'mbuyomu. Error 5 ndi yoti mwakanidwa chilolezo. Error 1219 ndi yoti mwalumikizana kale ndi seva yomweyo ndi dzina lina, ndipo net use * /delete imachotsa zimenezo.

Laputopu yatsopano ikamakanidwa pamene zakale zikulowa, ganizirani za Windows 11 24H2. Kuyambira pamenepo Microsoft inalamula kuti pa Pro ndi mitundu yoposerapo mauthenga a SMB azisainidwa, ndipo pa Pro kulowa ngati mlendo wopanda pasiwedi kunatsekedwa. Ma NAS akale, zipangizo zosungira mafayilo pa netiweki, ndi mafoda amene ankangotsegukira aliyense ndi amene amakhudzidwa. Pa intaneti mupeza malangizo ochotsera chitetezo chimenechi, kapena oyatsira SMB1 yomwe Windows 10 inayamba kuisiya mu 2017. Musawatsatire. Pangani akaunti yokhala ndi pasiwedi pa NAS, muyatse SMB2 kapena SMB3, ndipo ngati chipangizocho sichingathe, nthawi yake yopuma yakwana.

Chomaliza: foda ikutseguka koma fayilo ikuima panjira

Ping ikuyankha, mndandanda wa mafayilo ukuoneka, koma mukati mukope fayilo yaikulu zonse zikuuma, kapena Remote Desktop ikungoonetsa mdima mutalowa. Ichi ndi chizindikiro cha vuto la MTU, malire a kukula kwa paketi imodzi ya uthenga. Netiweki wamba imanyamula mapaketi a mabaiti 1500, VPN imaonjezerapo zake pamwamba, n'chifukwa chake WireGuard kawirikawiri imadziika pa 1420. Pa intaneti ya foni kapena ya PPPoE malo amatha kuchepa kuposa pamenepo, ndiye timapaketi tating'ono timadutsa, akuluakulu n'kumatayika.

Yesani ping -f -l 1392 192.168.10.20. Nambalayi ndi 1420 kuchotsapo mabaiti 28 a mitu ya IP ndi ICMP. Ikakanika pamene ping wamba ikutheka, tsitsani pang'onopang'ono, 1350, 1300, 1250, mpaka iyankhe, kenako onjezerani 28 pa nambala imene yathekayo, mulembe zotsatirazo ngati MTU mu fayilo ya WireGuard. Osafuna kuwerengera angolemba MTU = 1280 pa gawo la Interface, ndipo liwiro limene amataya n'losaoneka n'komwe. Mu OpenVPN chofanana nacho ndi mssfix. Ngati kulumikizana kumafa mukangokhala osagwira kanthu kwa kanthawi, onjezerani PersistentKeepalive = 25 pa gawo la Peer kuti rauta ya pakati isakuiwaleni.

Kuchedwa kwina si kwa MTU ndipo sikukonzeka ndi manambala. Fayilo ya QuickBooks Desktop kapena ya Microsoft Access imafunsana ndi seva kambirimbiri pa kachinthu kalikonse, ndiye mukaitsegula kuchokera kutali imakwawa, imadya bandulo, ndipo intaneti ikaduka pakati pa kulemba fayiloyo ikhoza kuwonongeka. Mapulogalamu oterewa asiyeni ayendere pa kompyuta ya mu ofesi, inu mulowemo ndi Remote Desktop kudzera pa VPN yomweyo.